Bambo akachimwa, masakramenti athu amaonongeka?

Funso ili likumveka m'miphakati mwathu kuno ku Zomba, ndipo ambiri amalifunsa monong'ona. Wansembe amene mbiri yake yaipa, kaya ndi ya akazi, ya mowa kapena ya ndalama za parishi, akachita Misa, Ukaristia uja ndi weniweni? Akabatiza mwana, mwanayo wabatizidwadi? Yankho langa ndi lakuti inde, masakramentiwo ndi enieni, ndipo sindikuikira kumbuyo wansembe aliyense.

Ndaonapo anthu akusintha mzere nthawi yolandira. Bambo aima pakati, asisitere aima chakumbali, ndiye mzere wa asisitere kutalika mpaka kukhomo, wa Bambo anthu owerengeka. Komatu Ukaristia umene asisitere akugawawo waudalitsa ndi Bambo yemweyo. Mayi wina wa mumphakati mwathu, amene kolona sachoka m'manja mwake, anafika pofunsa akatekista ngati mdzukulu wake angakabatizidwenso kwina, poti amene anamubatiza anamveka kuti ali ndi mwana. Ankalankhula misozi ikulengeza. Mtima wake ndimaumvetsa, koma mantha amenewa Mpingo unawayankha kalekale, ndipo mkangano wake unabukira mu Africa momwe muno.

M'chaka cha 303 mfumu ya Aroma Diocletian inalamula kuti mabuku oyera aperekedwe kuti atenthedwe. Atsogoleri ena a Mpingo anakana n'kuphedwa, ena anachita mantha n'kupereka. Chizunzo chitatha, gulu lina ku Carthage, kumene lero ndi Tunisia, linakana episkopi Caecilian ponena kuti amene anamudzoza anali mmodzi mwa opereka mabuku aja. Gululi, lotchuka ndi dzina la mtsogoleri wake Donatus, linkati sakramenti lochokera m'manja mwa wochimwa n'lachabe, ndipo linkabatizanso anthu. Akhristu anagawanika kwa zaka zoposa 100. Amene analimbana nalo kwambiri ndi Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo, mpaka pa msonkhano wa ku Carthage wa mu 411. Iye ankati kaya abatize Petulo, kaya Paulo, kaya Yudasi, wobatiza ndi Khristu. Ankaperekanso chitsanzo cha ngalande yamiyala: iyo simera kanthu, koma madzi odutsa m'menemo amakafika kudimba ndipo mbewu zimakula. Aliyense amene anaonapo minda ya mpunga ku Likangala akumva zimene ankatanthauza.

Mu 1547 msonkhano waukulu wa maepiskopi wa ku Trent unabwereza zomwezo, kuti wansembe ngakhale ali mu tchimo lalikulu amaperekabe sakramenti, bola atsate zofunika zake ndipo akhale ndi cholinga chochita zimene Mpingo umachita. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 1128, akuti mphamvu ya Khristu ndi Mzimu wake imagwira ntchito mu sakramenti mosadalira chiyero cha wolipereka.

Taganizirani zikanakhala kuti zimadalira chiyero chake. Ndani akanagona tulo? Ife timangodziwa machimo amene aphulika, koma alipo ena obisika amene sitidzawamva mpaka kalekale. Agogo amene ali kayakaya ku Chingale kapena pa chilumba cha Chisi, wansembe atavutika pa njira kuti awadzoze, ayambe afufuza mbiri yake asanalape? Malamulo a Mpingo amafika ponena kuti munthu akakhala pafupi kufa, wansembe aliyense, ngakhale amene analandidwa chilolezo cholapitsa, angamukhululukire machimo. Chaulere cha Mulungu sichidikira kuti munthu wobwera nachoyo ayambe wayera.

Zilipo zimene zimaonongadi sakramenti, koma n'zina: kusintha mawu ake, kusowa madzi pa ubatizo, kapena kuti wochita Misayo sanadzozedwe unsembe n'komwe. Mu 2020 ku Vatican analengeza kuti ubatizo wochitika ndi mawu akuti “tikukubatiza” m'malo mwa “ndikukubatiza” si ubatizo, ndipo ku America anthu ena anabatizidwanso chifukwa cha zimenezi. Palinso lamulo la Mpingo la nambala 977 limene ambiri sitilidziwa: wansembe akachimwa ndi munthu pa lamulo lachisanu ndi chimodzi la Mulungu, loletsa chigololo, sangamulapitse mnzakeyo pa tchimolo, ndipo akatero chikhululukirocho palibe, kupatula ngati munthuyo ali pafupi kufa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chiphunzitso chabwinochi ena amachisandutsa chishango. Munthu akadandaula amauzidwa kuti, “Inu zingolandirani, za Bambo zisiyeni.” Ayi. Kuti sakramenti ndi lenileni sizikutanthauza kuti wansembeyo ali bwino. Paulo Woyera pa 1 Akorinto 11:27 akuchenjeza za kudya mkate ndi kumwera chikho cha Ambuye mosayenera, ndipo mawuwo sadumpha amene waima paguwa. Lamulo limamuuza kuti asachite Misa ali ndi tchimo lalikulu asanalape, pokhapokha pali chifukwa chachikulu ndipo palibe womulapitsa. Ndiye palinso anthu amene amasiya tchalitchi chifukwa cha iye, ndi ana amene amakula akuganiza kuti chikhristu ndi chiphamaso.

Ine ndimaona kuti chiphunzitsochi chimatimasula kuti tilankhule. Ambiri timabisa zoipa za ansembe poopa kuti akagwa, ukwati wathu, ubatizo wa ana athu ndi kulapa kwathu zigwa naye limodzi. Sizigwa, chifukwa sizinali zake. Choncho ngati ndalama za mtulo zikusowa, komiti ya parishi ifunse poyera. Ngati pali nkhanza kwa mwana, nkhaniyo ipite kupolisi komanso kwa Ambuye episkopi, ndipo Papa Francis mu 2019 analamula kuti dayosizi iliyonse ikhale ndi njira yolandirira madandaulo otere.

Anyamata a ku seminale yaikulu ya St Peter's kuno ku Zomba amaphunzira zonsezi m'kalasi, koma ife akhristu eni ake sitizimva kawirikawiri. Ndikupempha abambo mfumu ndi akatekista kuti azifotokoze m'miphakati momveka. Ndipo kwa inu amene mtima ukukanika kugwada pamaso pa wansembe amene anakukhumudwitsani, malamulo amakulolani kukalapa kwa wansembe wina amene mwasankha. Pitani ku parishi ina kapena ku kathedulo, koma musasiye kulandira.