Nambala 2 inandibisira zomwe ahedi analemba

Aphunzitsi anzanga, pali kanthu kakundidya mumtima pa mapulogalamu a pakompyuta amene masiku ano akusungiramo ndemanga za ahedi akabwera kudzationerera tikuphunzitsa.

Teremu yathayi ahedi analowa m'kalasi mwanga ndikuphunzitsa masamu. Anakhala pa desiki yakumbuyo ndi tabuleti yawo, mphindi 30, n'kutuluka osanena kanthu. Madzulo ake meseji inalowa pafoni kuti ndemanga yanga yafika. Kulowa kokhako inali ntchito, pasiwedi ndinali nditaiwala poti pulogalamuyo ndimaitsegula mwina kawiri pa teremu. Nditalowa, chondilonjera chinali chinambala 2 m'bokosi lachikasu. 2 pa 4. Pansi pake mizere yambirimbiri ya manambala ena, ndipo kumapeto kwenikweni, chala chitatopa n'kutsetsereka, kabatani kakang'ono kotsegulira mawu omwe ahedi analemba. Sindinakadine. Ndinadina lina lija lolembedwa kuti ndawerenga, n'kuika foni pansi. Usiku umenewo ndinkangowerengera zaka zomwe ndagwira choko.

Mawuwo ndinawawerenga patatha sabata, mkwiyo utazizira. Ahedi analemba kuti pa mphindi ya 12 ndinafunsa ana chifukwa chimene timayambira kufananitsa manambala a pansi tisanaphatikize mafulakishoni, ndipo ndinadziyankha ndekha ndisanapume n'komwe, pamene mtsikana wokhala pafupi ndi windo anali atayamba kukweza mkono. Analemba kuti zinachitikanso pa mphindi ya 19 ndi ya 24. Basi. Manyazi anandigwira, osati chifukwa cha 2 uja, koma chifukwa zinali zoona ndipo sindinkadziwa kuti ndimatero. Munthu sudziona kumsana.

Vuto limeneli si langa ndekha, ndipo si lachilendo. Mary Budd Rowe, katswiri wa zamaphunziro wa ku America, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anajambula mawu m'makalasi n'kupeza kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha. Akadikira masekondi atatu kapena kupitirira, mayankho a ana amatalika ndipo ngakhale aja ongokhala duu amayamba kuyankha. Ndiye taonani, ahedi anandipatsa chinthu chomwe ndikanatha kukonza m'mawa mwake, koma pulogalamu inachikwirira pansi pa nambala. Ana anga anaphunzira sabata ina yathunthu ndi mphunzitsi wodziyankha yekha.

Chondiseketsa n'chakuti ife aphunzitsi khalidwe limeneli timalidziwa bwino. Tikabweza makope, mwana amathamangira malikisi, kusuzumira a mnzake, n'kutseka kope. Zomwe tinalemba ndi bolopeni yofiira mpaka usiku saziona. Mu 1988 wofufuza wina, Ruth Butler, anayesa zimenezi ndi ana asukulu ku Israel: ena anawapatsa malikisi okha, ena ndemanga yokha, ena zonse ziwiri. Omwe ntchito yawo inapita patsogolo anali a ndemanga yokha. Olandira zonse ziwiri sanasiyane kwenikweni ndi a malikisi okha. Nanga opanga mapulogalamuwa akuganiza kuti mphunzitsi ali ndi mtima wina wosiyana ndi wa mwana? Ofufuza ena awiri, Kluger ndi DeNisi, mu 1996 anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa ndemanga zomwe anthu amalandira pa ntchito zawo, ndipo pa magawo atatu alionse, gawo loposa limodzi ndemanga zinachititsa ntchito kubwerera m'mbuyo. Kufotokoza kwawo kunali kwakuti maganizo a munthu akachoka pa ntchito n'kupita pa iye mwini, zinthu zimaipa. Ndi zomwe zinandichitikira. Usiku uja sindinkaganiza za mafulakishoni, ndinkaganiza zoti mwina ndine mphunzitsi wachabechabe.

Komanso nambalayo tiikhulupirire bwanji? Ku America, kafukufuku wa Measures of Effective Teaching, yemwe anathandizidwa ndi ndalama za bungwe la Bill & Melinda Gates Foundation kuyambira 2009 mpaka 2013, anajambula pa vidiyo maphunziro a aphunzitsi pafupifupi 3,000. Chimodzi mwa zomwe anapeza n'chakuti munthu m'modzi kuonerera phunziro limodzi sikokwanira kuweruza mphunzitsi. Pamafunika maphunziro angapo ndi oonerera oposa m'modzi. Ku England, bungwe loyendera masukulu la Ofsted linasiya mu 2014 kupereka giredi pa phunziro limodzilimodzi. Koma pulogalamu imatenga mphindi 30 za Lachiwiri lina, tsiku lomwe mwina theka la kalasi linali ndi chimfine, n'kuzisandutsa nambala yokhala pafupi ndi dzina lako chaka chonse.

Musandimve molakwa, sindikulira mapepala akale. Fomu ija inkalowa mu failo ku ofesi, osadzaionanso mpaka utapuma pantchito. Pano ndikhoza kutsegula ndemanga ya chaka chatha ndili kunyumba, ndipo nditatero ndinapeza kuti wachiwiri kwa ahedi ananenapo kale za kufulumira kwangaku, m'mawu ena. Anthu awiri, zaka ziwiri, chinthu chimodzi. Pamenepo pulogalamu inandithandiza kuposa pepala.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi batani lija la "ndawerenga". Ukalidina, kwa ahedi kumaoneka chizindikiro chobiriwira, kutanthauza kuti ndemanga yaperekedwa, nkhani yatha. Ine ndinalidina ndisanawerenge liwu ndi limodzi lomwe, ndipo ndikudziwa sindili ndekha. Mu sitafurumu timauzana. Akuluakulu akatsegula lipoti amaona kuti aphunzitsi onse alandira ndemanga zawo, amakondwa. Kukhala pansi anthu awiri n'kukambirana, komwe kale kunali kosathawika chifukwa fomu inkafunika kusainidwa pamaso, pano kwasanduka chinthu chochita pakapezeka mpata. Ndipo mpata pasukulu mukuudziwa. Kabokosi koyankhira kalipo, koma ndani angalembe momasuka asakudziwa kuti winanso amene akuwerenga ndani? Pulogalamu yathu sisonyeza amene watsegula ndemanga yako. Kaya ndi ahedi okha, kaya oyendera masukulu, kaya odzaganizira zokweza anthu pantchito. Ndiye aliyense amangolemba kuti zikomo, ndidzayesetsa.

Maganizo anga ndi akuti mphunzitsi akalowa, choyamba kuona chikhale zomwe woonerera anaona ndi kumva, ndi mphindi yake, monga anachitira ahedi anga. Chinthu chimodzi chokonza, osati mizere 20. Nambala, ngati akuluakulu sangagone popanda iyo, izituluka anthu atakambirana kale. Zimenezi sizifuna pulogalamu yatsopano, m'pulogalamu yathu woonerera ndiye amasankha nthawi yotumiza.

Ndinapita kukawauza ahedi zonsezi, mwamantha ndithu. Anaseka, n'kundiuza kuti iwonso 2 uja anamudina mokayikira, ankafuna 3 koma kafotokozedwe ka pa fomu sikanawalole. Tinagwirizana kuti ulendo wina sadzatumiza tisanaonane.

Pano ndikafunsa funso ndimawerenga chamumtima mpaka 3, nthawi zina 5, choko nditachifumbata kuti dzanja lisathamangire pa bolodi. Masiku oyamba chete wake ankandiwawa ngati ndaiwala phunziro. Mtsikana wa pawindo uja anayankha Lachinayi la sabata yomweyo, ndipo yankho lake linali lolakwika pang'ono, mwanjira yomwe inatipatsa zokambirana mphindi 10 zathunthu. M'pulogalamu muja mukadali 2 m'bokosi lachikasu, poti mulibe malo olembapo zimenezi kufikira ahedi adzabwerenso teremu yamawa.