Makolo, Lekani Kusandutsa Pemphero la Mwana Chionetsero

Makolo anzanga, aphunzitsi a Sande sukulu, ndi inu amayi a m'mabungwe a mpingo, tanditcherani khutu. Galu wamkota sakandira pachabe. Pali khalidwe limene lalowa m'mipingo mwathu, ndipo ine mtima wanga sukugona nalo.

Tsiku la ana ku tchalitchi kwathu, anaimiritsa kutsogolo kamnyamata ka zaka 7. Anakaveka suti yokakulira, manja a jekete atapindidwa kawiri, kampango m'dzanja kopukutira thukuta monga amachitira alaliki a pa kanema. Atakapatsa maikolofoni, kanafuula mpaka mitsempha ya pakhosi kutuluka: "Moto! Moto!" Kenaka kanati, "Atate, ndikukuthokozani kuti ine sindili ngati ana ena osamvera makolo." Nthungululu zinalira. Amayi anathamangira kutsogolo kukakafupa ma K500, mafoni ali m'mwamba kujambula. Dzuwa lisanalowe, kanema wake anali atazungulira m'magulu onse a WhatsApp, anthu akulemba kuti kamneneri kabadwa.

Ine ndinangozyolika. Mawu amene mwanayo ananena, kodi simunawazindikire? Tsegulani Luka 18, kuyambira ndime 9. Anthu awiri anakwera kukachisi kukapemphera. Mfarisi anaimirira n'kuyamika Mulungu kuti iye sali ngati anthu ena, olanda, osalungama, achigololo. Anawerengera Mulungu kuti amasala kudya kawiri pa sabata, amapereka chakhumi pa zonse zimene amapata. Wamsonkho uja anaima patali, osafuna n'kukweza maso kumwamba komwe, akudziguguda pachifuwa, kupempha chifundo monga munthu wochimwa. Yesu anati amene anabwerera kwawo wolungamitsidwa ndi wamsonkhoyo. Ndipo mukangopitirira pang'ono, pa ndime 15, mupeza anthu akubwera ndi makanda kwa Yesu kuti awakhudze. Nkhani ziwirizi zagundizana m'mutu umodzi. Ife tatenga mwana, amene Yesu anati tiphunzireko kulandira Ufumu, tamuika pemphero la Mfarisi pakamwa, n'kumuombera m'manja.

Mwanayo sindikumuda ayi, alibe mlandu. Mawu aja sanawatole kumwezi. Alipo wamkulu amene anakhala naye pakhonde sabata yathunthu kumuloweza, kumuuza pokweza mawu, pogwada, potukula dzanja. Chimene waphunzirapo mwana uja n'chakuti pemphero labwino ndi limene limabweretsa nthungululu ndi ndalama. Tsiku limene adzagwade yekha m'chipinda, popanda womuonerera, adzanena chiyani? Pa Mateyu 6 Ambuye anatichenjeza kale za opemphera m'mphambano kuti anthu awaone, nati lowa m'chipinda chako, utseke chitseko. Anatiletsanso kuchulukitsa mawu. Ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika.

Tsono china chimene chikundiwawa kuposa apa ndi bodza. Tikuwaphunzitsa ana kunamiza Mulungu. Nyengo ya mayeso a Sitandade 8 ikafika, banja lonse limagwirana manja kupempherera mwana kuti akhoze, pomwe likasa lili kale m'sokosi, ndipo bambo akudziwa. Zotsatira zikatuluka, mwana yemweyo timamukankhira kutsogolo kuti akachitire umboni kuti Yehova wachita zazikulu. Mayi amatuma mwana kukauza wangongole pakhomo kuti "amayi kulibe", patapita ola limodzi n'kumuitana kuti atsogolere pemphero la chakudya. Mukuganiza kuti mwana saona? Hananiya ndi Safira pa Machitidwe 5 sanafe chifukwa chopereka zochepa. Munda unali wawo, ndalama zinali zawo. Anafa chifukwa chofuna kuoneka oyera ndi bodza pakamwa.

Ndikuuzeni zimene zinachitika m'nyumba mwanga. Mdzukulu wanga wamkazi, wa Sitandade 2, anagwada pamphasa usiku wina tisanagone. Anati, "Mulungu, lero ndakwiya. Achimwene andimenya ndipo sindikufuna kuwapempherera. Komanso ndinanyambita shuga agogo atapita kudimba." Mayi ake anadzuka kuti amudzudzule, ati Mulungu sayankhulidwa chotero. Ndinawagwira dzanja kuti akhale pansi. Pa mapemphero onse amene ndamva chaka chino, limenelo ndiye linandigwetsa misozi. Mwana ananena zimene zinalidi mumtima mwake, zoipa ndi zabwino zomwe, osakometsera. Davide yemwe mu Salimo 13 anafunsa Yehova kuti adzamuiwala kufikira liti. Ngati mfumu inadandaula poyera chotero, mwana wa Sitandade 2 timuletserenji? M'mawa mwake tinakambirana za shuga uja, tinaitananso mchimwene wakeyo kuti apepese. Koma pakamwa pa mwanayo sitinapatseke.

M'mera m'poyamba, abale anga. Kudzichepetsa mwana sakuphunzira pa bolodi. Amakuphunzira tsiku limene amva bambo ake akupemphera kuti, "Ambuye, ndinalakwa, ndinakalipira mkazi wanga popanda chifukwa." Ndi angati mwa ife amene ana athu anatimvapo tikuvomera tchimo lathu ndi dzina lake? Timangoti "mutikhululukire zochimwa zathu" mothamanga, kenaka mphindi khumi kudzudzula adani, afiti ndi anansi ansanje, ana akumvetsera, maina n'kumawatchula.

Inu aphunzitsi a Sande sukulu, lekani kusankha ana okhaokha olankhula mokweza. Kamtsikana kamanyazi kaja kokhala kumbuyo, kopanda nsapato, kapatseninso mpata, ngakhale kanene mawu asanu okha. Tsiku la ana likadzafikanso, mafoni akhale m'zikwama, ndalama zofupa zipite m'mbale ya chopereka. Mwana akaima pakati pa pemphero mawu atamuthera, musamunong'oneze zonena. Tsinzinani, mumudikire mpaka anene yekha ameni.