Sauna si malo opikisana kupirira

Chimene chimandipweteka mtima ku jimu ndi kuona anthu akukhala mu sauna, chipinda chotentha kwambiri chotulutsira thukuta, ola lathunthu, ena atavala majekete apulasitiki, poganiza kuti thukuta likuyendereralo ndi mafuta amene akusungunuka. Chimene chikutuluka ndi madzi a m'thupi basi, ndipo munthu akangomwa madzi, sikelo imabwerera pomwe inali.

Ku Finland, kumene UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inazindikira mwambo wa sauna mu 2020, chipindacho chimatentha madigiri 80 mpaka 100, ndipo anthu amakhalamo kanthawi kochepa n'kutuluka kukaziziritsa thupi. Kafukufuku wa ku Kuopio, mzinda wa m'dzikolo, wofalitsidwa mu 2015, anapeza kuti amuna olowamo kangapo pa sabata ankamwalira ndi matenda a mtima mocheperapo kusiyana ndi olowamo kamodzi kokha.

Choipitsitsa ndi uja wolowa akununkha mowa, n'kumakhuthulira madzi pamiyala yotentha osafunsa anzake, mpaka nthunzi kuwotcha makutu a aliyense. Mowa ndi kutentha zikakumana zimatsitsa kuthamanga kwa magazi, moti munthu akhoza kukomoka pongodzuka pabenchi, pamene wodwala mtima amene wakhala pambali pake akuvutika kupuma.