Satifiketi inalembedwa dzina limodzi, koma tinaphunzira awiri

Dzulo kunabwera mtsikana wina kudzasoketsa diresi ya chinkhoswe. Ndikumuyeza m'chiuno, pensulo ili kukhutu, anandiuza monyadira kuti bwenzi lake lavomerezedwa kukaphunzira ubusa, ndiye akufuna amange ukwati msanga kuti akapitire limodzi. "Amayi busa, inu munadutsamo, moyo wake ndi wotani?" Ine ndinangoseka n'kumuuza kuti akweze mikono. Koma funso lija landikaniza tulo usiku wonse, ndiye ndati ndilembe pano. Amene akwiye akwiye.

Kumene ife tinali sinditchulako, chifukwa nkhani yanga si ya sukulu. Amayi amene amuna awo anadutsa ku Zomba Theological College, ku Josophat Mwale ku Nkhoma, ku seminale ya Baptist ku Lilongwe, ngakhale amene anawoloka malire kupita ku Justo Mwale ku Lusaka, aliyense ali ndi yake yoti anene. Anzathu a Katolika za banjazi alibe nazo mutu: mnyamata akamalowa ku Kachebere kapena ku St Peter's amalowa yekha ndi sutikesi yake. Ife a mipingo ina timalowa ndi mapoto, mthiko, ndi mwana kumsana.

Lamulungu lotsanzikana ku mpingo wathu, bambo a kunyumba anawaitanira kutsogolo. Akulu a mpingo anawazungulira, anawapempherera, kwaya inaimba, amayi analuluta. Ine ndinali pa benchi lachitatu, mwana wa miyezi isanu ndi iwiri akundikoka duku. Palibe amene anandifunsa ngati nanenso ndamva maitanidwe. Chonsecho amene ankasiya kashopu ka pamsika ndi makasitomala amene anawasonkhanitsa zaka zinayi ndinali ine. Mayi wina wachikulire pondigwira chanza anangoti, "Wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima, mwana wanga." Ndinagwada n'kuthokoza, koma mumtima ndinati: ine ndinakwatiwa ndi mphunzitsi wa sitandade 6, za mphenzizi zabwera ukwati uli kale m'kati.

Tinakweza pa lole matiresi, mbaula, matumba awiri a chimanga, ndi makina anga osokera, opalasa ndi phazi aja. Kumeneko tinakapeza chipinda chogona chimodzi ndi kabalaza. Tebulo linali limodzi, ndipo tebulo limeneli ndiye linali kasupe wa mikangano yathu yonse. M'mawa linali lodyera phala, masana lodulira nsalu, usiku la mabuku. Mabuku ake si timabuku ta Sande sukulu, koma zimabuku zobwereka ku laibulale zoti ukamponyera galu angafe.

Chaka choyamba chinali cha Chigiriki. Chili ndi zilembo 24, ndipo bambo ankazilemba pa timakadi todula ku makatoni a sopo. Ine ndikuvundula nsima, dzanja lina lagwira kakhadi, ndikuwafunsa. Akalakwa ndinkawauza kuti ayambirenso, mpaka ndinaziloweza ndisanafune. Mwana wathu anayamba kunena "alefa, beta, gama" asanadziwe a e i o u. Kenaka kunabwera Chiheberi, zilembo 22, chowerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo apa ndinaona mwamuna wamkulu, wandevu, akutuluka misozi pa tebulo. Tsiku lina ndinawafunsa kuti akuzunzikiranji chonchi pamene Buku Lopatulika lilipo m'Chichewa kuyambira 1922, ndipo mu 1998 kunabweranso Buku Loyera. Anandiyankha kuti amene anamasulirawo anazunzika chonchi kuti ine ndiwerenge mosavuta, ndipo mbusa wosadziwa kumene mawu anachokera amawakhotetsa mmene wafunira. Yankho limenelo ndinalilandira, ndipo mpaka lero ndikamva mlaliki akukoka vesi ngati legeni ndimawakumbukira.

Koma Chigiriki sachiphika.

Mpingo wathu unalonjeza kuti uzititumizira kangachepe mwezi ndi mwezi. Miyezi itatu yoyamba foni inkalira pa tsiku lake. Kenaka inayamba kulira mochedwa. Kenaka ndife tinayamba kuimba, mwaulemu, kuyamba ndi kufunsa za odwala ndi za mvula, n'kumaliza osatchula ndalama chifukwa cha manyazi. Sindikuwanyoza anthu aja ayi, ndi alimi, chopereka chawo chimayendera chimanga, ndipo Januwale ndi Febuluwale nawonso amakhala akupempha. Chimene ndikunena n'chakuti ndalamayo inawerengedwera munthu mmodzi, wophunzira, pamene pakhomo panali pakamwa patatu. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, shuga, mafuta ophikira ndi sopo zinadumpha sabata yomweyo, koma kangachepe kaja kanakhala pomwepo ngati chitsa. Ulusi ndi zipi nazonso zinakwera. Amene anadyetsa banja zaka zonsezo ndi makina aja: mayunifolomu a ana a sukulu, mabulauzi oyera ndi masiketi akuda a amayi a mpingo, kuchepetsa majekete a kaunjika amene ophunzira anzawo ankagula kuti akalalikire. Theka la masuti amene anakwera pa guwa m'kalasi la bambo anadutsa pansi pa singano yanga, ena pangongole imene mpaka lero sinabwezedwe. Abusa inu, mukudzidziwa.

Mkangano umene sindidzauiwala unachitika m'chaka cha 2022, nthawi ija namondwe Ana ataononga ku Kapichira magetsi n'kumazima maola ambirimbiri. Laputopu ya bambo batire lake linali lakufa, ndiye ankadikira magetsi kuti alembe asayimenti. Tsiku limenelo anayaka cha m'ma 10 koloko usiku. Inenso ndinali ndi madiresi asanu a operekeza mkwatibwi, ukwati Loweruka, ndipo masana onse mwana anali akutentha thupi. Iwo khale pa tebulo, ine khale pa makina. Gwedegwede, gwedegwede. Patapita kanthawi anavula magalasi n'kunena ndi mawu aja a pa guwa, "Mayi, makina anuwo akundisokoneza. Ine pano ndili pa ntchito ya Mulungu."

Phazi linaima lokha. Ndinawayang'ana n'kufunsa, "Nanga yangayi ndi ya ndani? Ufa wa mawa uchokera mu Chiheberi?"

Tinayambana monong'ona. Ichi ndi chinthu chimene anthu akunja sachidziwa: pa sukulu ya ubusa anthu amakangana motsitsa mawu. Khoma ndi lopyapyala, kuseri kwake kuli mbusa wa mawa ndi mkazi wake, ndipo aliyense akuopa kuti mbiri ya banja lake ikafika kwa aphunzitsi kapena ku sinodi. Mwaiona vesi ija ya 1 Timoteo 3, yoti woyang'anira akhale woweruza bwino nyumba yake? Imeneyo imalendewera pamwamba pa bedi lililonse ngati nkhwangwa. Ndiye m'mawa mumatuluka mukumwetulira, kupita ku mapemphero, kuimba nyimbo imodzi, pamene simunalankhulane masiku atatu. Ankhoswe ali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo kuwaimbira foni n'kuwauza kuti "abusa" alakwa, amayamba ndi kukulangiza iweyo. Chikomekome cha mkuyu ndinachiona ndi maso anga, m'nyumba yanga ndi m'nyumba za anzanga.

Amene anatiyanjanitsa ndi mayi wa khomo loyandikana nalo, wochokera ku Mzimba, amene amuna awo anali m'chaka chomaliza. Sanatsegule Baibulo. Anabwera m'mawa ndi mbale ya chinangwa chophika, n'kuwauza bambo mosapsatira kuti, "Achimwene, usiku tinamva. Inu mukamaliza pano adzakupatsani pepala. Awa adzawapatsa chiyani?" Bambo sanayankhe. Madzulo ake ananyamula mabuku kupita kukawerengera m'kalasi, ndipo pobwera anandipeza ndikusoka mabatani, anakhala pansi n'kuyamba kundilowetsera ulusi m'singano. Sanapepese ndi pakamwa, amuna athuwa mumawadziwa. Koma kuyambira tsiku limenelo, Lachiwiri ndi Lachinayi masana mwana ankakhala wawo, mayeso kaya alipo kaya palibe.

Pa tchuthi ophunzira amatumizidwa ku mipingo kukaphunzira ntchito, ndipo kumeneko n'kumene ndinazindikira kuti ndalembedwa ntchito imene sindinafunsire. Ndinali ndi zaka 24. Tikufika, amayi andilandira katundu, andikhazika pa mpando iwo ali pa mphasa, "Takulandirani amayi busa." Lachinayi lake andipatsa Baibulo kuti ndilalikire ku msonkhano wa amayi. Loweruka andilowetsa m'chilangizo cha mkwatibwi, ine amene banja langa linali la zaka zitatu, kuti ndilankhule pamaso pa agogo oti ali ndi zidzukulu. Pamaliro ndikhale pafupi ndi namfedwa, ndiyambitse nyimbo. Bambo anali ndi aphunzitsi owakonzekeretsa zonsezi, mabuku, ndi mnzawo wowadzudzula. Ine ndinali ndi duku basi. Ndipo maso ali pa iwe: siketi yafika pati, tsitsi waluka lotani, waseka mokweza bwanji, mwana wako walira m'tchalitchi chifukwa chiyani. Ndisaname, chikondi chinaliponso chochuluka. Tinkabwerako ndi nkhuku, mtedza, mbatata, dengu la ufa, ndipo kangapo mphatso zimenezo n'zimene zinatifikitsa kumapeto kwa teremu.

Makoleji ena ali ndi maphunziro a akazi a ophunzira, ndipo amene anaganiza zimenezo Mulungu awadalitse. Koma maganizo anga ndi akuti nkhaniyi iziyambira kumpingo kumene munthu akuchokera. Musanamusanjike manja mnyamata wokwatira, muitaneni mkazi wake payekha, mwamuna wake palibe, amayi awiri achikulire akhale naye pansi amufunse ngati wavomera, chimene akusiya, ndi chimene akuopa. Akati sanakonzeke, musamutche Yezebeli. Ndipo powerengera thandizo muziwerenga pakamwa ponse. Paulo yemwe ananena poyera mu 1 Akorinto 7 kuti wokwatira amalabadira za mkazi wake, ndipo ine sindiwerenga mawu amenewo ngati chidandaulo. Ndi masamu chabe.

Bambo ataphunzira mbiri ya mpingo anabwera ndi nkhani imene inandiseketsa. Martin Luther, mbusa wa ku Germany amene anatsogolera kukonzanso mpingo, anakwatira Katharina von Bora mu 1525, ndipo m'nyumba yawo ku Wittenberg munkagona ophunzira ndi alendo osatha. Amene ankalima, kuweta nkhumba, kusunga ndalama, ngakhale kufulula mowa wa pakhomo, anali mayiyo. Ndinati, "Ndiye bwanji pa mayeso amakufunsani za bambo okhaokha?" Nayenso Priskila wa pa Machitidwe 18 ankasoka mahema limodzi ndi mwamuna wake Akula, ndipo awiriwo ndi amene anamutengera pambali Apolo, mlaliki wodziwa kulankhula, n'kumufotokozera njira ya Mulungu bwinobwino. Telala mnzanga ameneyo ndimamukonda. Inenso maulaliki onse a bambo ndinkayamba kuwamva ndine, pakati pa usiku, iwo ataimirira pafupi ndi mbaula. Ndikati "apa anthu agona," ankadula. Ndikati "mawu awa agogo a kumudzi sawamva," ankasintha. Ulaliki umene anakhoza nawo bwino kwambiri m'kalasi, chitsanzo chake cha chigamba chatsopano pa malaya akale ndinawafotokozera ndine, nsalu ili m'manja.

Pena ndimaganizira amayi amene masiku ano akuphunzira ubusa iwo eni, poti m'masinodi ena akudzozedwa. Amuna awo kodi amawapatsa Baibulo Lachinayi kuti alalikire mokakamiza? Amawayeza kutalika kwa buluku? Ndingakonde mmodzi atandiyankha.

Wina asamve ngati zaka zinayi zija zinali misozi yokhayokha. Sindinakhalepo ndi anzanga ngati amene ndinawapeza kumeneko. Tinkabwerekana mchere, moto, ndi ana omwe. Tinayambitsa banki m'khonde yathu ya timakobidi, imene inandigulira mota ya makina. Ndinaphunzira kuphika kondowole kwa mayi wa ku Nkhata Bay, iye anaphunzira thobwa kwa ine. Loweruka madzulo, kukakhala kuti asayimenti yaperekedwa, ine ndi bambo tinkayenda wapansi kupita kumsika, kugula chimanga chootcha chimodzi n'kuchithyola pakati, kubwerera tikuseka za mphunzitsi wa Chiheberi. Panopa tili pa mpingo, nyumba ndi yaikulu, matebulo alipo atatu, koma bambo amakhala ku maliro, ku maukwati, ku misonkhano, ndipo chimanga chothyola pakati chija ndimachisowa.

Tsiku lomaliza maphunziro, gauni imene anavala inali yaitali, ndinaipinda ndine usiku wake. Atatchula dzina lawo ndinalulutira mpaka mawu anatha. Panja wojambula zithunzi anati, "Amayi, tasunthani pang'ono, tiyambe abusa okha." Ndinasuntha. Bambo anamulola ajambule chimodzi, kenaka anavula chipewa chija n'kundiveka pamwamba pa duku, anthu n'kuseka. Chithunzi chimenecho chili pabalaza. Satifiketi ili pambali pake, ndipo ili ndi dzina limodzi.

Mtsikana uja nditamaliza kumuyeza ndinamufunsa ntchito imene amagwira. Anati ndi namwino, wangoyamba kumene pa chipatala china chaching'ono. Ndinamufunsa ngati akapita kusukuluko ntchitoyo aisiya. Anati sanakambirane. Ndinamufunsanso ngati pali amene anamufunsa iyeyo, kaya abusa, kaya ankhoswe, kaya bwenzi lakelo. Anayang'ana pansi, n'kuyamba kusewera ndi ngodya ya chitenje.

Diresi adzatenga Lachisanu. Ndamuuza kuti pobwera asabwere yekha, abwere naye mnyamatayo, ndipo bambo ndawauza kale kuti Lachisanu masana asapite kulikonse.