Kulira kwa msana si kuchira ayi

Abale anga aku Mbare, Mufakose ndi Dzivaresekwa kuno ku Harare, nkhani ya ma chiropractor, anthu owongola msana ndi manja aja, yayamba kundidetsa nkhawa. Mavidiyo a pa TikTok aja anthu akupotozana makosi kuti khwa khwa atizunguza mitu, mpaka anyamata ena ometa ayamba kumakupotoza khosi akamaliza kukumeta, iwe osapempha n'komwe.

Phokoso lija si fupa likubwerera m'malo mwake. Polumikizana mafupa pali timadzi, ndiye akakoka mwadzidzidzi mumapangika kathovu ka mpweya, kameneko ndi kamene kamalira, chimodzimodzi ndi mmene zala zimalirira tikazikoka.

Ntchitoyi sindikuinyoza. Ma chiropractor enieni amakhala zaka zambiri pasukulu, kuno kum'mwera amaphunzira ku Durban University of Technology ndi ku University of Johannesburg, ndipo pa kuwawa kwa m'chiuno kobwera ndi ntchito amathandiza ndithu, pafupifupi mofanana ndi a physio ndi mafizo awo. Chimene ndimakana ndi zija zoti msana ukawongoka ndiye kuti shuga, BP, mphumu ngakhale kusabereka zonse zatha. Maganizowa anachokera kwa D.D. Palmer amene anayambitsa ntchitoyi mu 1895 ku Davenport, Iowa, ku America, ankati wachiza munthu wogontha pomukankha msana ndipo ankakhulupirira kuti matenda ambiri gwero lake ndi mafupa a msana osokonekera. Zimenezo umboni wake palibe.

Koma mantha anga enieni ndi TB. Kuno kwathu TB si ya m'mapapo mokha, imalowanso mumsana n'kumadya mafupa pang'onopang'ono, makamaka kwa amene chitetezo cha mthupi chatsika ndi HIV. Amalume athu onyamula matumba a mbatatesi ndi tomato pa Mbare Musika msana ukamawawa amangoti ndi katundu basi, miyezi n'kumapita, munthu akuonda, usiku thukuta mpaka bulangete kunyowa, thupi kutentha, iye n'kumafunafuna woti amuwongole. Fupa lodyeka kale wina n'kulitsamira ndi mphamvu zake zonse likhoza kuphwanyika n'kutsina mitsempha, miyendo kuzizira mpaka kalekale. Agogo athu nawonso mafupa awo amakhala atafooka ndi ukalamba, chonde musawatengereko mwachisawawa.

Khosi ndiye ndimaliopa kwambiri. M'mafupa a khosi mumadutsa mitsempha yopititsa magazi ku ubongo, kupotoza mwamphamvu kukhoza kuing'amba mkati munthu n'kuchita sitiroko. Sizichitikachitika, inde, koma wometa uja zikachitika adziwa chochita? Langa salikhudza.

Ndikudziwa ndalama ikuvuta, X-ray imafuna madola, mizere ya ku zipatala za Parirenyatwa ndi Gomo imatopetsa munthu msana ukuwawa kale. Komabe ngati kuwawako kukubwera limodzi ndi kuonda, dzanzi m'miyendo kapena pakati pa ntchafu, kapena mkodzo wayamba kutuluka wokha, kumeneko n'kwa dokotala tsiku lomwelo osati mawa. Akakuyezani n'kupeza kuti ndi minofu chabe, pitani kwa chiropractor ngati mukufuna, koma muyambe mwaona satifiketi yake yolembetsa ndipo ayambe wakufunsani mbiri ya matenda anu asanakugonekeni pabedi. Amene akukuuzani kuti mulipiriretu miyezi yambirimbiri asanakuyezeni n'komwe, nyamukani muzipita.