Amene amalandira mwana wa zaka 4 pakhomo la sukulu: Harare, Dedza ndi Chipata

Mwana wa zaka 4 wa ku Mufakose ndi mnzake wa ku Dedza onse amadzuka m'mawa kupita kukaphunzira, koma amene amawalandira pakhomo ndi anthu osiyana kwambiri. Wa kuno ku Harare, ngati ali pasukulu ya boma kapena ya khonsolo, kawirikawiri amapeza mphunzitsi amene anatha zaka zitatu akuphunzira ntchitoyo kukoleji. Wa ku Dedza amapeza mlezi wodzipereka wa m'mudzi momwemo, amene mwina anaphunzitsidwa masabata awiri, mwinanso sanaphunzitsidwe n'komwe, ndipo kawirikawiri mwezi ukatha palibe chimene amayembekezera. Ife amene tili ndi ana kuno ndi adzukulu a achemwali athu kumudzi timaziona zonse ziwiri, n'chifukwa chake nkhani yokhwimitsa zoyenereza aphunzitsi a ana aang'ono imatikhudza.

Zimbabwe inayamba msanga. Mu 1999 komishoni yotsogozedwa ndi Caiphas Nziramasanga inalangiza kuti maphunziro a mmera mpoyamba alowe m'sukulu zapulayimale, asakhale a ana a anthu olemera okha. Mu 2004 unduna unalamula masukulu apulayimale kuti atsegule makalasi a ana amenewa, ndipo ndi mmene anabwerera ECD A ndi ECD B amene lero kholo lililonse ku Mbare limawadziwa. Chaka chotsatira kunatuluka lamulo la Statutory Instrument 106, lonena za kalembetsedwe ka malo osungirako ana, zimbudzi, malo osewerera ndi anthu oyenera kugwiramo ntchito. Makoleji monga Seke ku Chitungwiza, Mkoba ku Gweru ndi Marymount ku Mutare amaphunzitsa dipuloma ya ntchitoyi moyang'aniridwa ndi University of Zimbabwe. Kuti ulowe pamafunika maphunziro asanu a O Level, ndipo gawo lalikulu la zaka zitatuzo wophunzira amalithera m'kalasi lenileni, pansi pa mphunzitsi wakale. Chimenechi ndimachiyamikira kuposa zonse. Kukhazika pansi ana ambirimbiri amene wina akulira, wina wadzikodzera, wina sanadye, sikuphunziridwa m'buku.

Koma tisanamizane. Pofika pa bajeti ya 2018, nduna ya zachuma Patrick Chinamasa inaimitsa kulemba ntchito aphunzitsi atsopano a ECD, n'kunena kuti makolo ndi madera athandizepo. Anthu amene anali ndi dipuloma m'manja anakhala pakhomo, pamene masukulu ena ankadalira othandizira osaphunzira mokwanira, olipidwa ndi komiti ya makolo ndalama ikapezeka. Ndipo pitani ku Epworth kapena ku Hopley mukaone sukulu za mkaka za kuseri kwa nyumba: chipinda chimodzi, ana kudzaza, mwini wake akuwaloweza zilembo ngati ali Giredi 3 chifukwa makolo amafuna kumva mwana akuyankhula Chingerezi madzulo. Lamulo lilipo, loyera bwino papepala. Woyendera kuti aone ngati likutsatidwa ndiye safika.

Ku Malawi nkhani inayenda njira ina. Kumeneko sukulu za mmera mpoyamba za m'midzi, zotchedwa CBCC, zakhala pansi pa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, osati wa maphunziro. Mfumu imapereka malo, anthu amaumba njerwa, komiti imalima munda wa chimanga ndi soya kuti ana amwe phala, ndipo amayi angapo amadzipereka kukhala alezi. Ndondomeko ya dziko yokhudza ana amenewa inatuluka mu 2003 n'kukonzedwanso mu 2017. Bungwe la AECDM ku Blantyre, loona za maphunziro a mmera mpoyamba, lakhala likuphunzitsa alezi kwa zaka zambiri. Pali chinthu chimene alezi amenewa ali nacho chimene mphunzitsi wa dipuloma wotumizidwa kuchokera kutali sakhala nacho: amadziwa kuti mwana uyu mayi ake akudwala, uyo akuleredwa ndi agogo, ndipo amamuimbira nyimbo m'chiyankhulo chimene anayamwira. Ndikamva anthu a m'tauni akunyoza alezi kuti ndi osaphunzira, mtima umandiwawa. Popanda iwo, ana ambiri a kumudzi sakanaonako pakhomo la sukulu mpaka Sitandade 1.

Vuto ndi lakuti munthu wosalipidwa sungamuuze kuti afike 7 koloko, alembe ndondomeko ya tsiku, asunge kaundula wa kakulidwe ka mwana aliyense. Dzinja likafika amapita kumunda kwake kapena kuganyu, ndipo palibe amene angamudzudzule. Phala likatha sukulu imatseka. Amene waphunzitsidwa bwino amatengedwa ndi sukulu ya mkaka yolipiritsa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, mudzi n'kuyambiranso ndi munthu watsopano. Kangachepe kamene alezi ena anayamba kulandira kuchokera kuboma ndi chiyambi, koma sikanafikire onse.

Pali kafukufuku amene aliyense wofuna kukonza zinthu ayenera kumuganizira. Anachitika mothandizidwa ndi World Bank m'masukulu 199 a m'midzi ku Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo. Alezi ataphunzitsidwa, kaphunzitsidwe m'kalasi kanasintha. Koma patatha miyezi 18, ana amene anaonetsa kupita patsogolo pa kayankhulidwe ndi kakhalidwe anali a kumene makolo nawonso anaphunzitsidwa, ndipo patatha miyezi 36 kusiyanako kunali kutazimiririka. Ine ndimatolapo kuti maphunziro a kamodzi, a masabata owerengeka, sakwanira. Mlezi amafunika wina womuyendera chaka ndi chaka, makolo amafunika kukhalamo, ndipo Sitandade 1 wodzaza ana oposa 100 angathe kufufuta zonse zimene mwana anabwera nazo.

Zambia ili pakati. Inasamutsira sukulu zimenezi ku unduna wa maphunziro, mu 2013 inalemba ntchito aphunzitsi oyamba 1,000 a ana aang'ono, ndipo chaka chomwecho inakhazikitsa lamulo lobala Teaching Council of Zambia, bungwe lolembetsa aphunzitsi ndi kuwapatsa ziphaso. Kuyambira 2022 maphunziro aulere akuyambira kumakalasi amenewa. Mwana wa ku Chipata amaphunzira kwa mphunzitsi wa boma, ngakhale makalasi sakukwana. Kuno ku Zimbabwe za bungwe lolembetsa aphunzitsi zakambidwa kwa zaka osatheka. Ndipo ngakhale malamulo aakulu a dziko a 2013 anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, pa maluso amene mphunzitsi wa ECD amayesedwa, ndikanakonda muwerengedwenso kutha kulandira mwana wa kumafamu kapena kumigodi amene kwawo agogo amamuyankhula Chichewa.

Ndikafunsidwa chimene Malawi atengeko kuno, sindinena kuti atenge khomo la O Level n'kulisandutsa MSCE. Atatero mawa, alezi ambiri amene agwira ntchitoyi zaka 10 kapena 15 angakhale kunja, ndipo a dipuloma sangapite kukakhala ku Nsanje popanda malipiro. Atengeko makwerero. Mlezi ayambe ndi satifiketi yoyesedwa pomuonerera akugwira ntchito ndi ana, osati polemba mayeso okha; zaka zimene wagwira ziwerengedwe; amene ali ndi JCE kapena MSCE athe kukwera kufika pa dipuloma akuphunzira pa tchuthi, monga aphunzitsi ambiri apulayimale anachitira pophunzira ali kuntchito. Gawo lililonse likhale ndi malipiro ake, ngakhale ochepa, obwera mwezi ndi mwezi. Teachers Council of Malawi ilipo kale ndipo ingathe kusunga kaundula wawo, koma maunduna awiriwo agwirizane kaye kuti mlezi ndi wa ndani, chifukwa kwa zaka zambiri wa jenda ndiye wakhala akuphunzitsa mleziyo, pamene wa maphunziro ankangolandira mwana akafika zaka 6.