Khirisimasi ya mbali ziwiri za msewu wa pa Lizulu

Aliyense amene anatsikapo basi pa Lizulu akudziwa kuti pamenepa malire a dziko ndi msewu. Ukaima pa M1 n'kuyang'ana kolowera ku Dedza, kumanja kwako ndi Malawi, kumanzere ndi Mozambique. Nkhuku imagona ku Ntcheu n'kukapalasa ku Angónia popanda woifunsa chiphaso. Ine ndinakulira pamenepa, ndipo azakhali anga anatengedwa chitengwa mbali inayo. Choncho Khirisimasi ndaidya m'maiko awiri kuyambira ndili wa kabudula. Chilankhulo n'chimodzi, mbatatesi ndi kabichi timalima zofanana, mvula ya Disembala imatinyowetsa tsiku limodzi. Koma kaperekedwe ka mphatso kakusiyana, ndipo chaka chilichonse kusiyanako ndikukuona kukukula.

Ndiyambe ndi dzina la tsikulo. Kwathu kuno pa 25 Disembala ndi Khirisimasi, pa 26 n'kupumanso Boxing Day. Kwa azakhali, kalendala ya boma imatcha 25 Disembala kuti Dia da Família, Tsiku la Banja. Dzinali linabwera dziko lawo litalandira ufulu mu 1975, pamene boma la Frelimo pansi pa Samora Machel silinkafuna maholide a chipembedzo. Anthu sanaleke kupemphera. Akatolika a ku Lifidzi ndi ku Ulongwe amapitabe ku misa ya usiku monga amachitira anzawo a ku Bembeke, ndipo pakamwa pawo mawu akuti Natal sanachoke. Komabe dzina la bomalo, ngakhale linabadwira m'ndale, linakwanira bwino. Mbali inayo munthu wosafika kwawo pa tsikuli amafunsidwa chifukwa chake, ndipo yankho lakuti "ndinatumiza ndalama" silimukwanira aliyense.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri kumeneko ndi cabaz. Ndi dengu kapena katoni ya zakudya imene mabwana ena amapatsa antchito awo pakutha pa chaka: mpunga, mafuta ophikira, shuga, ufa wa tirigu, nthawi zina ndi nkhuku. Msuweni wanga amagwira ntchito ku Tete, ndipo katoni yake saitsegulira kutauni. Amaikweza pa chapa, timinibasi tawo tija, mpaka kukaitula pakhonde pa amayi ake. Azakhali ndi amene amamasula chingwe. Amathira mpunga m'mbale zitatu kapena zinayi, ina ya apongozi awo, ina ya mayi wamasiye woyandikana nawo, ina n'kuwolotsa msewu kubwera kwa mlongo wawo, amene ndi bambo anga. Botolo limodzi la mafuta ndinaliona likugawidwa m'timabotolo ta Frozy tosukasuka. Pofika madzulo katoni yatha, koma utsi wa mpunga ukufuka m'makhitchini asanu.

Cabaz nayo ndi malonda, sindikukana. Masitolo a ku Tete amaikonzeratu n'kuimata mtengo, ndipo wolima mbatatesi kumudzi palibe bwana womupatsa. Koma mphatso imene ili chakudya ili ndi khalidwe lake: siilola kubisidwa. Thumba la mpunga likalowa m'mudzi aliyense waliona, ndipo woliphika yekha chitseko chili chotseka adzayenda wowerama mpaka Pasaka.

Kwathu tinali nazo zofanana, kungoti sitinazipatse dzina. Ndili mwana, m'mawa wa Khirisimasi tikachokera ku tchalitchi ku Mlanda, amayi ankatisenzetsa mbale zovindikira. Ya mpunga ndi ntchafu ya nkhuku inkapita kwa agogo, ina kwa amalume, ndipo mbalezo sizinkabwerera zopanda kanthu: muli mtedza, muli mazira awiri, muli nthochi. Akulu ankati kupatsa n'kuika. Chovala chatsopano chinalipo, diresi kapena kabudula wosokedwa ndi telala wa pakhonde la sitolo, ndipo chimenecho n'chimene unkavala chaka chonse popita kokapemphera. Ana tinkazungulira m'makomo kufuula kuti "Khirisimasi bokosi!" n'kulandira siwiti, chitumbuwa kapena kapu ya Sobo wosungunula kwambiri. Mbali inayo ana amati "boas festas", dzanja atatambasula chimodzimodzi.

Lero bokosi lija linalowa m'foni. Kuyambira pa 20 Disembala mauthenga amayamba kugwa, aliyense akupempha yake ya pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Mphwako payekha, mlamu payekha, mwana wa achemwali payekha. Wotumiza ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre amadula malipiro ake m'tizidutswa, ndipo kachidutswa kalikonse kamafika mwakachetechete m'thumba la munthu mmodzi. Wina agula mayunitsi, wina wigi, wina akathera pa bala. Ndalama yochuluka ndithu yalowa pakhomopo, koma pamoto palibe mphika wa onse.

Ndikunena zimene ndinachitapo ndekha. Chaka china ntchito inandipanikiza, ndipo ndinaona kuti ndalama ya basi ndi bwino ndingoiphatikiza pa yotumiza. Ndinawatumizira amayi, ndi mtima woyera, ndalama yoposa ya chaka china chilichonse. Nditaimba madzulo kufunsa ngati adya bwino, anati, "Yafika mwanangu, zikomo. Ndasungira feteleza. Nkhuku sitinaphe, tikanaphera ndani?" Mawu amenewo sanandichoke. Sanadandaule, ndipo feteleza anagulikadi, chimanga chinabereka. Koma tsikulo anadya nsima ya nkhwani awiriwiri ndi bambo, pamene kutsidya kwa msewu, kwa azakhali, ana anali atadzaza bwalo.

Nkhani ya fetelezayi ndiyo imene otsatsa malonda sailabadira. Zithunzi zawo n'za kwina: chipale chofewa cha thonje pa mawindo, mtengo wa pulasitiki, Father Christmas atavala chijasi chofiira ngati ali m'chisanu cha mu Juni pa Dedza. Kwa iwo amene anayambitsa zimenezi, Disembala ndi nyengo yozizira, zokolola zili m'nkhokwe, munthu alibe chochita panja. Kwathu ndi pakati pa dzinja. Chimanga chafika m'mawondo, chikufuna kupalira, kubandira ndi feteleza wobereketsa. Nkhokwe zambiri zayamba kuonekera pansi, ndipo Januwale akudikira pakhomo ndi fizi ya teremu yachiwiri. Ndiye pa nthawi yomweyi wailesi ndi Facebook zikukuuza kuti wokonda banja lake aonetse pogula. Black Friday, imene ndili mwana sitinkaidziwa n'komwe, tsopano imayamba kukoka malipiro a Novembala asanafike n'kunyumba. Ndikudziwa mabanja amene anatenga katapila kuti ana aoneke bwino tsiku limodzi, n'kugulitsa mbuzi mu Febuluwale pobweza.

Pa katapila ndi mowa, a mbali inayo sali bwino kuposa ife. Festas zawo, zisangalalo za pakutha pa chaka, zimayamba pa 24 Disembala n'kukafika pa 1 Januwale nyimbo zisanazime, makireti a mowa wa 2M ndi Manica akutsika ngati madzi. Ogwira ntchito m'boma amawerengera malipiro a mwezi wa 13, amene zaka zina amachedwa kapena kudulidwa, ndipo ambiri amakhala atawadyeratu pangongole. Mitengo ya nkhuku, mazira ndi mafuta imakwera sabata yomweyo monga imachitira kuno. Msuweni wanga yemwe uja Januwale amamuwawa ngati mmene amandiwawira ine.

Ndipo ife tili ndi chathu chimene ndimachinyadira: banki m'khonde. Magulu ambiri amagawana ndalama zawo mu Disembala, ndipo ndaona amayi a kwathu akuchoka pogawanapo molunjika kwa wogulitsa feteleza, kenako kukaunjika kukasankhira ana zovala, chotsala n'kugula mpunga wa Kilombero makilogalamu awiri ndi nkhuku yachikuda. Amayamba ndi munda, chisangalalo chimabwera pambuyo, ndipo palibe amene amawatcha oumira. A ku Mozambique ali ndi xitique, a ku Chipata ali ndi chilimba, zonse zofanana ndi chipereganyu chathu, koma kugawana kwa pakutha pa chaka kwa banki m'khonde kunagwera pa nthawi yake penipeni. Amayi a chigwirizano ndi a mabungwe a Chikatolika nawo amasonkha sopo, shuga ndi mchere kukaona odwala kuchipatala cha Ntcheu ndi akaidi kundende. Imeneyo ndi mphatso yopita kwa munthu amene sadzakubwezera mbale.

Pali dziko lachitatu limene limalowerera pa nkhaniyi ngakhale silili pafupi. Sabata ya Khirisimasi ukaima pa chipata cha Dedza, moyang'anana ndi Calomue, umaona mabasi ochokera ku Johannesburg atadutsa ku Zimbabwe ndi ku Tete, ngolo zawo zitatupa ndi zofunda, matiresi, zidebe za mafuta ndi masipika. Ana athu a ku Joni akubwera monga ankabwerera agogo awo a ku Theba ndi njinga ndi wailesi. Ndimawalemekeza, chifukwa ndikudziwa mmene amagonera kumeneko kuti katunduyo apezeke. Koma kubwera kwawo kwakweza muyezo. Mnyamata amene chaka sichinamuyendere amasankha kusabwera kusiyana n'kutsika basi ndi kachikwama kamodzi, ndipo amayi ake amangolandira uthenga wa Mukuru, kapena osalandira kanthu. Manyazi a kubwera chimanjamanja akutsekereza ana ambiri kunja kuposa mtengo wa basi.

Azakhali ndinawafunsapo chifukwa chimene kwawo salola mwana kujomba pa tsikuli, kaya ali ndi katundu kaya alibe. Anandikumbutsa za nkhondo. Pamene Frelimo ndi Renamo zinkamenyana, anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo ambiri anakhala m'maboma a Dedza ndi Ntcheu mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Azakhaliwo anawoloka msewu womwewu usiku, mwana kumsana, mphika kumutu, n'kukhala zaka zingapo m'khitchini ya mlongo wawo. Anati pa zaka zimenezo Khirisimasi inali kuwerengana: uyu alipo, uyu alipo, uje sitikudziwa. Amene anawerengapo ana ake motero safunsa zimene mwana wanyamula. Ndipo mbale ya mpunga imene amawolotsa chaka chilichonse kubwera kwa bambo anga inayambira pamenepo. Apao ndi mizu ya kachere, amakumana pansi, ngakhale pamwamba padutse tala.

Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kugula mbali inayo kunayamba kutiwawa. Mafuta ophikira ndi Frozy zimene tinkaolokera msewu zinasiya kutchipa, ndipo pa msika wa Lizulu tsopano ndi a metikali, ndalama ya ku Mozambique, amene amagula momasuka. Chaka chimenecho bambo anada nkhawa kuti mbale ya azakhali ibwerera ndi chiyani. Amayi anakumba mbatatesi ya kudimba, anathyola mapichesi a kuseri kwa nyumba, n'kuikamo nkhunda ziwiri. Azakhali analandira ndi manja awiri, atagwada, n'kuitana adzukulu kuti adzaone zimene amalume atumiza.

Chaka chino ndalembetsa kale tchuthi. Ndawauza achimwene ndi achemwali anga kuti ya pafoni ya aliyense payekha sinditumiza. Tisonkhe pamodzi, thumba la feteleza wobereketsa likhale loyamba, kenako mpunga ndi nkhuku ziwiri. Mng'ono wathu wa ku Joni anati zinthu sizinamuyendere, abwera chaka chamawa. Tamutumizira ya basi. Atsikira pa Lizulu pa 23, ndipo mbale ya kwa azakhali adzanyamula ndi iyeyo.